Mlandu wa bokosi la anamzeze

Kuno ku Bembeke mbalame imene timaimangira nyumba ndi nkhunda basi, ndipo chifukwa chake sitibisa: tsiku lina idzalowa mumphika. Khola lake timaliimika pansanamira zazitali, ena n'kukulungapo lata kuti vumbwe kapena khoswe akamakwera aziterereka. Mbalame yakutchire imadzionera yokha. N'chifukwa chake mlendo akakhala pakhonde panga n'kukweza maso, n'kuona kabokosi ka zigwagwa kokhomeredwa m'munsi mwa malata, amayamba wafunsa kuti, "Aphunzitsi, mukuweta chiyani m'menemo?" Ndikati anamzeze, ena amaseka poyera, ena amangovomera mwaulemu, mumtima akuti kupuma pantchito kwawasokoneza mutu amayiwa.

Anamzeze ake ndi aja a kachipewa kofiirira, msana wakuda wonyezimira, kumimba koyera mbee, kumchira tinthenga tiwiri titalititali tosaoneka ukakhala patali. Si aja amene amadzaza mawaya a magetsi kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Awo kuno amangodzadya, kuswa amakaswera ku Ulaya. Awa ndi eni mudzi. Amatapa dothi lonyowa m'mphepete mwa dambo, kudzaza kukamwa, kudzamata pakhoma, kubwereranso, mpaka kachisa kotseguka kumwamba kaima, mkati n'kuyalamo udzu wofewa ndi nthenga za nkhuku zotola pabwalo. Khoma langa n'lopaka laimu, ndipo laimu akamwa chinyezi cha nkhungu ya kuno amasupuka. Chisa chinagwa ndi mazira omwe. Mdzukulu wanga, amene akuphunzira ukalipentala ku Dedza boma, anaduladula zigwagwa za paini nakhoma kabokosi kotseguka kutsogolo, pomwe panali chisa paja. Mbalamezo zinayamba zakaopa, kenaka zinayamba kututiramo dothi.

Ana oyamba anakula nauluka. Achiwiri ndiwo anabweretsa nkhani ino. Mazira anali atatu, oyera, a timadontho tofiirira. Ataswa ndinkakwera pampando kusuzumira makolo akachoka: tinthu topanda nthenga, maso otseka, mimba zotupa zoonekera mitsempha, koma ungogunda bokosi pang'ono, timakamwa tonse titatu tachikasu yasaa! Kholo linkafika, kuponya chakudya m'kamwa mumodzi lisanatere n'komwe bwinobwino, kutola kathumba koyera ka zitosi kumbuyo kwa mwana n'kukataya kutali ndi nyumba. Usiku wina khoswe anatsata mtanda wa denga, natsikira pamwamba pa bokosi. M'mawa awiri kunalibe. Wachitatu anali pasimenti, mutu utadyedwa, nyerere zitayambapo kale ntchito. Makolo anapitiriza kubwera mpaka dzuwa litakwera: kufika pachisa, kusuzumira, kuuluka, kubweranso, tizilombo tikadali kukamwa.

Mayi woyandikana nane, munthu wokonda mapemphero a usiku, anati khoswe, njoka ndi kadzidzi ndi zida za mdani, ndiitane anthu adzapempherere khonde. Pa yankho ili sindichedwapo. Khosweyo ndikudziwa kumene amagona, ndi kunkhokwe kwanga komwe, ndipo kumeneko ali ndi ana ake ofiira, osaona, ofuna kuyamwa. Namzeze naye ndi mlenje. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zikamatuluka pachulu, imani muone mmene amazidulira mlengalenga. Kwa ngumbi, kabawi wake ndi namzeze, ndipo pansi pali ife ndi mabeseni. Tikati chilichonse chodya chinzake n'cha Satana, ndiye kuti chotsalira Mulungu kuno ku Bembeke ndi mbatatesi zokha.

Achimwene anga, amene akhala katekisiti zaka zambiri, anabwera ndi yankho lolemerako. "Achemwali," anatero, "musalire mbalame ngati maliro a munthu. Amene analenga namzeze ndi yemweyo analenga khoswe. Zikanapanda kudyana, popondapo tikanapapeza kuti?" Mawuwa si opepuka, ndipo si a lero. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene anamwalira mu 1274, ankaphunzitsa kuti mkango sungakhale ndi moyo popanda nyama ina kufa, ndi kuti Mulungu, poyang'anira chilengedwe chonse, amalola chinthu chimodzi kuonongeka kuti ubwino wa zonse pamodzi usaperewere. Iye anakana ngakhale ganizo limene ambiri timalikonda, lakuti zilombo zinayamba kudya zinzake Adamu atachimwa. Kwa iye tchimo la munthu silinasinthe chibadwa cha nyama. Masamu ake ine ndinkawalemba pabolodi. Banja limodzi la anamzeze likalera ana atatu kawiri pachaka, popanda wofa, chaka chikamatha akhala asanu ndi atatu, ndiye kuti mabanja anayi. Chulukitsani ndi 4 chaka chilichonse. Pakutha pa zaka 10 mabanjawo apitirira 1 miliyoni, ochokera pakhonde limodzi. Achimwene akunena zoona.

Koma masamuwo amakamba za mtundu wa mbalame, pamene chimene ndinasesa pasimenti chinali mwana mmodzi amene dzulo lake anandiyasamira kukamwa. Charles Darwin ankawadziwa masamu amenewa kuposa ife tonse, koma sanamutonthoze. Mu 1860, polembera mnzake Asa Gray wa ku America, anaulula kuti zinkamukanika kukhulupirira kuti Mulungu wachifundo ndi wamphamvu zonse anapanga dala timavu tina timene timaikira mazira m'thupi mwa mbozi yamoyo kuti ana ake aziidya m'kati, kapena kuti anakonza zoti mphaka azisewera ndi mbewa. Ine sindinafike pamene iye anakafika, koma funso lake ndimalilemekeza kuposa yankho lofulumira.

Baibulo lokha silifulumira. M'buku la Yobe, mitu 38 ndi 39, Mulungu akayamba kuyankha munthu amene wataya ana ake onse, samupepesa. Amamuonetsa mkango wosakira ana ake, khwangwala amene ana ake akulirira chakudya, ndipo mutu 39 umathera pa chiwombankhanga chimene ana ake amamwa magazi. Amazitchula monyadira, monga mwini wake. Kenaka mukatsegula Mateyo 10 mumapeza Yesu akunena za timbalame totsika mtengo pamsika, kuti ngakhale kamodzi kokha sikagwa Atate osadziwa. Sanalonjeze kuti sikagwa. Bukulo limangoika ziwirizi pamodzi: khoswe amadyetsedwa ndi Mulungu, ndipo kamwana ka pasimenti kanawerengedwa ndi Mulungu yemweyo. Achimwene amagwira choyambacho n'kukhazikika mtima. Ine chachiwiricho ndicho chimandikhalira pakhosi.

Pali Salimo 84, limene timaliimba kawirikawiri, lotchula namzeze amene wapeza poika ana ake pafupi ndi maguwa a m'Nyumba ya Mulungu. Timaliimba ngati likunena za malo opanda choopsa. Koma guwa la ku Yerusalemu linali pophera. Buku la Levitiko likutiuza kuti pakati pa zoperekedwa nsembe panali njiwa ndi maunda, zimene zinalinso nsembe ya munthu wosauka. Ndiye namzeze wa m'salimoyo ankalera ana ake pamwamba pa malo amene mbalame zinzake zinkapotoledwa makosi, m'kati mwa utsi ndi phokoso la anthu. Anasankha kukhala pafupi ndi cholengedwa choopsa kuposa zonse. Akuluakulu anati mbalame ikatera pauta siilasika.

Zimenezi zili ndi chifukwa chake chooneka ndi maso. Kale anamzeze otere ankamanga pansi pa matanthwe ndi m'maphompho a m'mitsinje. Kutabwera nyumba za njerwa ndi makonde ake, milatho ndi ngalande za pansi pa misewu, anasamukira kumeneko. Kuno kwathu Abambo Oyera anatsegula mishoni ya Bembeke mu 1910, atakhazikika kale kumunsi kwa phiri ku Mua mu 1902, ndipo makoma ataliatali amene anayamba kuima pamenepo anakhala matanthwe atsopano a mbalamezi. Pali kabawi wina wotuwa, wa nkhope yachikasu ndi miyendo yaitali yotha kupindikira kutsogolo ndi kumbuyo komwe, amene ntchito yake n'kulendewera pazisa n'kupisamo mwendo. Pathanthwe amachita zofuna zake. Pakhonde pamene mayi akutonola chimanga, ana akusewera, wailesi ikulira, safikapo. Khwangwala naye amazungulira patali. Namzeze amagwiritsa ntchito mantha amene nyama zina zili nawo pa munthu ngati mpanda wake. Chimene amasinthanitsa nacho n'chakuti pamene pali munthu pali mphaka, pali khoswe, pali mnyamata wa legeni. Zitatu zonsezo n'zathu. Mphaka tinamubweretsa ndife, khoswe amanenepa ndi chimanga chathu, mnyamata tinabala ndife.

Apa ndi pamene ine ndi achimwene timasiyanirana. Iwo amati zonse n'chilengedwe. Ine ndimati chisa cha pansi pa ngalande ya msewu wa M1 ndi chisa cha m'bokosi langa si mlandu umodzi. Mu Deuteronomo 22 muli malamulo awiri ogundizana amene anthu sitiwawerenga pamodzi. Ndime 6 ndi 7 zikukamba za munthu amene wapeza chisa panjira: ana kapena mazira angathe kutenga, koma make amusiye apite. Lamuloli siletsa kudya. Likungoika malire, kuti mtundu usathere m'manja mwako. Ndime 8, yotsatira pomwepo, ikukamba za munthu amene akumanga nyumba yatsopano: aike kampanda kuzungulira denga, chifukwa wina akagwa kuchokera pamenepo, magazi ake adzakhala panyumbayo. Madenga a kumeneko anali afulati, anthu ankakhalapo ndi kuyanikapo zinthu. Lamulo silikuti mwininyumba wakankha munthu. Likuti wamanga malo okwera, waitana anthu, choncho kugwa kwawo kwamukhudza. Chisa chopezeka panjira chili ndi lamulo lake lopepuka. Chinthu chimene wachimanga wekha chili ndi lamulo lolemera. Bokosi ndi denga. Ukalikhoma wauza mbalame kuti pano mpabwino, ndipo mbalame yakhulupirira.

Azungu amene amakonda kukhomera mbalame mabokosi anaziphunzira zimenezi movutikira. M'nkhalango ya Wytham, pafupi ndi Oxford ku England, akatswiri akhala akutsatira timbalame totchedwa great tit kuyambira 1947, pogwiritsa ntchito mabokosi ambirimbiri okhomedwa m'mitengo. Kanyama kena kakang'ono kolusa kotchedwa weasel, kooneka ngati likongwe, kanayamba kulowa m'mabokosiwo n'kuononga zisa zambiri, makamaka zaka zimene mbewa zinali zochepa. Mabokosi onse amaoneka mofanana, ndiye chilombo chikapeza chakudya m'limodzi chimadziwa choti chikafune m'linzake. Ofufuzawo anachita kusintha, n'kuika mabokosi a simenti olendewera, otalikirana ndi thunthu la mtengo. Chifundo chongokhoma n'kuchokapo chimatha kusonkhanitsira mdani chakudya pamalo amodzi.

Pakhonde pathu mdzukulu uja anasuntha bokosi kulichotsa pansi pa mtanda, napendeketsa pamwamba pake, nakutirapo lata losalala kuti chofuna kuimapo chiziterereka. Ana akayandikira kuuluka, masiku amene amagwera pansi n'kumalephera kunyamukanso, mphaka amagona m'khitchini chitseko chotseka, alire asalire. Ndipo njoka yofiirira ija yopanda ululu imene imakhala kuseri kwa nkhokwe, imene anyamata ankafuna kuitswanya mutu, ndinawaletsa, chifukwa chakudya chake chachikulu ndi makoswe. Ndikudziwa kuti itapeza njira yokwerera ku bokosi singafunse chilolezo. Njirayo ndiyo tinaitseka. Achimwene ataona zonsezi anapukusa mutu. "Ndiye mwasankha mbali, achemwali. Ana a khoswe aja munkawamvera chisoni, lero mwawatumizira njoka." Inde ndasankha. Khoswe sindinamuitane. Namzeze ndinamuitana ndi misomali.

Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera, motsitsa mawu ngati akuopa kuti wina amva. "Ngati womanga ali ndi mlandu pa chogwa, nanga amene anamanga dziko? Mukufuna kumuzenga mlandu Mulungu?" Yobe anamuzenga, ndipo pamapeto a bukulo Mulungu anakalipira abwenzi ake atatu aja amene ankamuikira kumbuyo ndi mayankho osalala, osati Yobe. Choncho funsolo sindiliopa. Mwini lamulo la kampanda sangakhale wopanda kampanda panyumba pake. Ine ndikayang'ana ndimakaona, kungoti si khoma lotchinga imfa. Ndi mazira atatu m'malo mwa limodzi. Ndi kuswa kawiri pachaka. Ndi kulira kwakuthwa kuja kumene kholo limalira likaona mphaka, ana onse n'kuti zii nthawi yomweyo, makolo n'kumam'tsikira mphakayo pamutu mosinthana mpaka atachoka. Ndi nzeru yokatera pauta. Ndipo nzeru yomalizayi ili ndi chinthu chimodzi chimene chimandiopsa: singagwire ntchito popanda munthu. Mbalame inapatsidwa mtima wothawira kwa ife, ndiye kuti ife tinawerengeredwa kale ngati mbali ya chitetezo chake. Pakati pa zolengedwa zonse za pakhonde paja, khoswe sangaleke, njoka singaleke, namzeze sangaleke kupha ngumbi. Amene angaone chisa, n'kuganiza za mawa, n'kukatenga lata, ndi mmodzi yekha. Ndikafunsa kuti Mulungu anali kuti usiku uja, ndimapeza kuti gawo lina la yankho linali litagona m'chipinda, kuseri kwa khoma lomwelo, litafunda mabulangete awiri.

Izi sizichotsa ululu wa zisa zonse za kutchire zimene palibe munthu wozilondera. Paulo, mu Aroma 8, amavomereza kuti chilengedwe chonse chikubuula ndipo chikudikira kumasulidwa. Yesaya 11 amaika mmbulu ndi mwanawankhosa pamalo amodzi, koma ngati zam'tsogolo. Onsewa akuvomereza kuti zimene tikuonazi sizinathe kukonzedwa. Pamenepo ndimasiyana pang'ono ndi Aquinas: kudyana si tchimo, koma sindikukhulupirira kuti ndiko mawu omaliza.

Tinene zoona, mdani wamkulu wa anamzeze alibe mano. Pali namzeze wina wobiriwira moderapo thupi lonse, amene amaswera m'maenje a pansi m'madera a udzu a pamwamba pa mapiri, monga ku Nyika ndi ku Mulanje, n'kukathera nyengo yozizira cha ku nyanja ya Victoria. Ali m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo, ndipo chomwe chikumuthetsa si njoka koma kutha kwa udzu umenewo, pena posanduka minda, pena posanduka nkhalango za paini ndi bulugama. Ife kuno timapopera mbatatesi, kabichi ndi tomato mankhwala ophera tizilombo, chifukwa tikapanda kutero sitikolola ndipo ana sapita kusukulu. Nanenso ndimapopera. Koma chakudya cha namzeze ndi tizilombo touluka basi, satola chimanga pansi. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa kuti zolengedwa zina zili ndi phindu lake pamaso pa Mulungu, osati chifukwa choti zimatithandiza ife chabe. Kumata lata pabokosi n'kosavuta poyerekeza ndi kufunsa kuti tipopera kangati, ndipo tipopera nthawi yanji.

Nkhani ya bokosi inakafika mpaka kutchalitchi chathu chaching'ono cha kumudzi, kumene anamzeze ena, aja a mizeremizere pachifuwa amene amamanga chisa chotseka cha khomo la ngalande, anadzaza khonde lolowera. Amayi osesa anadandaula, ndipo anali ndi mfundo. Ana a mbalame akakula makolo amaleka kutaya zitosi kutali, zonse zimangogwera pansi, ndipo Lamulungu m'mawa pakhomo pamakhala poyera ndi zitosi, wina n'kudetsedwa duku asanalowe. Pamsonkhano wa komiti bambo wina wodziwa Baibulo anaimirira n'kukumbutsa za Tobiti, munthu wolungama amene anachita khungu chifukwa cha zitosi za mbalame zimene zinamugwera m'maso atagona panja. Ananena zoona, ndipo m'Baibulo la Chilatini la Jerome mbalame zake ndi anamzeze enieni. Iye anati titenge nsungwi tigwetse zisa zonse. Wina anati phokoso lawo limasokoneza ulaliki. Achimwene, amene ndinkayesa kuti akhala mbali ya nsungwi, anafotokoza za Francis Woyera wa ku Assisi, amene polalika m'mudzi wa Alviano anasokonezedwa ndi anamzeze omanga zisa, ndipo anangowapempha kuti akhale chete kufikira atamaliza, osawapirikitsa. Anthu anaseka, wina n'kunena kuti akatekisiti ayesere Lamulungu likubwerali.

Ine ndinapempha zinthu ziwiri zokha: zisa za mazira kapena ana zisakhudzidwe mpaka atauluka, ndipo pansi pa chisa chilichonse pakhomedwe kathabwa kolandira zitosi, motalikirako pang'ono kuti khoswe asapeze poimapo. Anakambirana, nagwirizana. Ndikukhala pansi, wapampando wa amayi, gogo wina amene anandiona ndili kamtsikana kovala yunifolomu, anakweza dzanja.

"Tamva, mwanawe," anatero. "Mbalame zikhale. Koma mathabwawo adzadzanso, ndipo ife misana inatha. Wokonda anamzeze ndi amene azikwera kukapala."

Mlembi analemba dzina langa pa Loweruka lililonse, mpaka mvula itatha.